N'chifukwa chiyani aphunzitsi anadula "The money I gave it to my brother"?

Mlungu watha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akukonzekera kulembanso mayeso a MSCE. Akuti analemba chiganizo chili pamwambachi m'chimangirizo, aphunzitsi n'kuchidula chonse ndi bolopeni yofiira. Iwo akufunsa kuti cholakwika n'chiyani, popeza ankangofuna kutsindika za ndalamazo.

Mayi, maganizo anu anali abwino, koma munawaumba mwa Chichewa. Ife timati "Ndalamazo ndinazipereka kwa achimwene", wina osadabwa. Ka "zi" kam'kati mwa mneniko ndi kamene kamatimasula. Tinene kuti "Mbuzi zinachidya chimanga", kapena "Chimanga zinachidya mbuzi", wakudya mnzake akudziwikabe, chifukwa "zi" akuloza mbuzi, "chi" akuloza chimanga.

Mneni wa Chingerezi sanyamula zonsezi. Kumeneko malo ndiwo amalankhula: mwininkhani patsogolo, mneni pakati, pamtherankhani pambuyo. Mukatembenuza "The goats ate the maize" kukhala "The maize ate the goats", ndiye kuti chimanga chadya mbuzi. Zaka 1,000 zapitazo mayina a Chingerezi ankasintha kumathero posonyeza ntchito yawo m'chiganizo, ndipo mawu ankasuntha momasukirapo. Mathero aja atafota, dongosolo linauma.

Tsono Angerezi potsindika amatani? Polankhula amangokweza mawu pamene akufuna, osasuntha kanthu. Papepala mawu sakwezeka, n'chifukwa chake pali njira ina imene ine ndimaikonda kwambiri, poti nafenso tili nayo. "It was the goats that ate the maize" ndi chimodzimodzi kunena kuti "Ndi mbuzi zimene zinadya chimanga", osati ng'ombe. Palinso "did". Wokhometsa msonkho pamsika akakukanirani kuti simunalipire, yankho lamphamvu ndi "I did pay", ngati mmene ife timanenera kuti "Ndalipiratu ine".

Chiganizo chanucho Angerezi amachinena ndithu pocheza, atapumira pang'ono pambuyo pa "money", koma m'chimangirizo cha mayeso "it" ameneyo amaoneka wongobwereza. Ngati mukufuna kutsindika za ndalamazo, lembani kuti "It was the money that I gave to my brother". Ngati mkangano uli pa amene analandira, "It was my brother who got the money". Ngati palibe mkangano, "I gave the money to my brother" akukwana, chifukwa m'Chingerezi mawu otsiriza amalemera okha, ndipo achimwene anuwo ali kale pamalo pomwepo.