Apolisi akagogoda, amene akumwetulira ndi amene amamumvera

Mayi wina wandilembera imelo kuti mng'ono wake amamenyedwa ndi mwamuna ndipo masiku ano foni sakuyankha, ndiye akufunsa kuti akauza apolisi akamuone zithandiza kapena angomuputira mavuto ena.

Achemwali, funso lanuli landidzutsira mkwiyo wakale. Ine ndinakhalapo moyandikana ndi banja lina, usiku timamva mbale zikusweka, mwana akulira, kenako zii. Tsiku lina ndinaimbira apolisi, anabweradi, koma anatsegula chitseko ndi bamboyo, malaya ovala bwinobwino, mawu aulemu, kuseka nawo ngati anzake a kalekale. Mayiyo anaima kumbuyo kwake atafunda nsalu mpaka m'khosi kunja kukutentha. Anamufunsa pomwepo kuti muli bwino mayi? Iye nkuti tili bwino. Basi galimoto kuliza, ulendo. Akanayankha chiyani munthu womumenyayo ali pamphuno pake?

Ndipo musaganize kuti zimenezi ndi za kumayiko osauka okha ayi. Pa 12 August 2021 apolisi a ku Moab, Utah, m'dziko la America, anaimitsa galimoto ya Gabby Petito ndi chibwenzi chake Brian Laundrie, munthu wina ataimba kuti waona mwamuna akumenya mtsikana. Vidiyo ya kamera ya wapolisi ilipo, Gabby akulira mosatonthozeka, Brian ali phee akucheza nawo. Mapeto ake anaona ngati woyambitsa ndewu ndi mtsikanayo, anangowalekanitsa usiku umodzi. Pa 19 September mtembo wa Gabby unapezeka ku Wyoming, anachita kumukanyanga pakhosi.

Nkhani ya pakhosiyi anthu amaitenga mopepuka chifukwa nthawi zambiri sipaoneka bala. Kafukufuku wa Nancy Glass ndi anzake wa 2008 anapeza kuti mkazi amene mwamuna wake anamukanyangapo pakhosi amakhala pachiopsezo chophedwa kuchulukitsa ka 7. Nchifukwa chake fomu ya DASH yoyezera chiopsezo cha nkhanza za m'banja, imene apolisi a ku England anayamba kugwiritsa ntchito mu 2009, imafunsa funso limeneli mwachindunji. Kwa ine wapolisi amene sanamutengere mkazi pambali nkumufunsa yekha sanagwire ntchito, wangowotcha mafuta a boma, olo alembe lipoti lokongola bwanji.

Nanga mutani?

Imbani, musadikire. Koma musangoti mukamuone ayi. Auzeni kuti amamenyedwa, liti munalankhula naye komaliza, ngati anagwidwapo pakhosi, ngati m'nyumbamo muli ana kapena chida, komanso ngati ankafuna kuchoka, poti nthawi yochokayo ndiye yoopsa kwambiri. Apempheni alankhule naye payekha ndipo asatchule kuti mwaimba ndinu. Mameseji ake sungani, lembani dzina la wapolisi amene walandira nkhaniyo, mawa lake muimbenso kufunsa ngati anamuonadi ndi maso.