Kodi kuwerenga ndi kuphunzira chilankhulo china kumateteza ku matenda oiwalaiwala?

Mayi wina wazaka za m'ma 50 wandilembera imelo. Bambo awo anamwalira atadwala matenda oiwalaiwala, amene madokotala amati dementia, mpaka anafika posazindikira ana awo. Mayiwa akuopa kuti nawonso adzadwala. Anamva kuti kuwerenga ndi kuphunzira zilankhulo kumateteza ubongo, ndiye akufunsa ngati n'koyenera kulipira maphunziro a Chifalansa.

Amayi, pepani chifukwa cha bambo. Zimene munamvazo n'zoona, koma pang'ono chabe. Kuwerenga kapena kudziwa zilankhulo zingapo sikutsekereza matendawa. Chimene ofufuza aona n'chakuti zizindikiro zake zimachedwa kuyamba. Ubongo umene wakhala ukugwira ntchito kwambiri uli ngati mudzi wa madooko ambiri: mlatho ukakokoloka, anthu amawolokerabe pena.

Mu 2007 Ellen Bialystok ndi anzake ku Toronto anapeza kuti odwala olankhula zilankhulo ziwiri anachedwa kuyamba kuiwala ndi zaka pafupifupi 4 poyerekeza ndi olankhula chimodzi. Ena anakayika, akumati ambiri mwa iwo anali obwera kuchokera kumayiko ena, mwina kusiyanako kunachokera pamenepo. Kenako mu 2013 Suvarna Alladi ndi Thomas Bak anaunika odwala 648 ku Hyderabad, ku India, kumene munthu amakula akulankhula zilankhulo zingapo ngati kwathu kuno. Kusiyana kunali zaka zinayi ndi theka, ndipo kunaonekanso mwa anthu osadziwa kulemba ndi kuwerenga. Mfundo imeneyi imandikhudza kwambiri. Agogo a ku Mangochi olankhula Chiyao pakhomo ndi Chichewa kumsika akhala akulimbitsa ubongo wawo moyo wonse, popanda kalasi. Dziwaninso kuti akafukufuku ena, amene anatsatira anthu athanzi kwa zaka zambiri, sanapeze kusiyana kotere, choncho nkhaniyi sinathe.

Pa za kuwerenga, Robert Wilson wa ku Rush University ku Chicago anaonetsa mu 2021 kuti okalamba okonda kuwerenga, kulemba makalata ndi kuchita masewera oganiza anachedwa kudwala ndi zaka pafupifupi 5.

Chifalansa phunzirani ngati mtima ukufuna, pakuti chinthu chosakoma munthu sachedwa kuchisiya. Koma ngati muli ndi Chitumbuka, Chisena kapena Chilomwe chimene munachisiya kumudzi, yambirani pamenepo. Imbirani achibale, muzicheza nawo m'chilankhulocho. Werengani mokweza kwa adzukulu, kenako akufunseni mafunso. Bawo nayenso musamupeputse.

Chimene ndingakupempheni kwambiri ndi china. Akatswiri a Lancet Commission, gulu lokhazikitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya Lancet, mu 2024 anatchula zinthu 14 zotheka kuzisintha, zimene zitathetsedwa zingathe kupewetsa kapena kuchedwetsa matendawa mwa anthu pafupifupi 45 mwa 100 alionse amene amadwala. Zina mwa izo ndi kuthamanga kwa magazi, shuga, kusamva bwino, fodya, mowa wambiri, kusachita zolimbitsa thupi ndi kukhala kwaokha. BP ya pa msinkhu wanuwu imawononga timitsempha ta mu ubongo mwakachetechete, ndipo buku silingakonze zimenezo. Kudwala kwa bambo sikutanthauza kuti inunso mudzadwala basi. Musanalipire maphunziro, pitani kuchipatala mukayezetse BP ndi shuga, ndipo ngati mwayamba kukweza wailesi kuposa kale, akakuoneninso makutu.