Za sitiraika wanu uja ndi ma red awiri a dzulo

Amwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati pa hafu taimu munali patsogolo 1-0, pomaliza mwaluza 3-1, mwadya ma red awiri, ina ya difenda amene anatukwana refa, ina ya sitiraika amene anabwezera atapondedwa, ndipo sitiraika yemweyo mwezi wathunthu sanaponde ku training koma gemu iliyonse amayamba chifukwa ndi amene amakuchinyirani. Ndiye mukufunsa ngati mumuike pa benchi kapena mungomusiya poti mapointi a ligi akufunika.

Muikeni pa benchi. Koma mumve bwino, gemu ikubwerayi sasewera kale chifukwa cha red ija, ma ligi ambiri red imapita ndi ban ya gemu imodzi kapena kuposa, ndiye chimenecho ndi chilango cha ligi, inu simunapangepo kanthu. Chanu chimayamba ban ikatha. Akangobwera n'kulandira jezi nambala 9 ngati palibe chinachitika, anyamata ena onse aphunzirapo kuti malamulo a timu ndi a anthu osatha mpira okha.

Za gemu yeniyeniyo ine sindinaonere, koma timu imene imatsogola hafu yoyamba n'kumwa zitatu hafu yachiwiri nthawi zambiri nkhani yake ndi mpweya. Munthu wotopa amafika mochedwa pa mpira, m'malo motenga mpira amatenga mwendo, fawulo, yellow. Akatopa kwambiri mutu umatenthanso msanga, refa akaimba chinthu chaching'ono iye pakamwa mbwee. Ndipo mukatsala 10 aliyense akuthamangira malo a anthu awiri, mukatsala 9 ndiye pakati pamakhala msewu, anzanu amangopatsirana mpira kukudikirani mugwe nokha. Sitiraika wanuyo luso ali nalo, sindikukana, koma munthu amene sakuthamanga mkati mwa sabata ikamakwana 60 minitsi miyendo imakhala ya mwini wake, difenda akamugunda pang'ono sangathenso kumuyankha ndi mpira, amamuyankha ndi chigongono. Red ya dzuloyo inayambira masiku onse aja sankabwera ku training.

Ine ndinasewerako timu ngati yanuyi zaka zingapo, kenako ndinkathandiza kochi bondo litandikana. Tinali naye mnyamata wotere, mwendo wamanzere woopsa, koma training ankaiona ngati ya ana. Ife tinkamunyengerera, kumuimbira foni m'mawa wa gemu, nthawi zina mpaka kumudikira pa bwalo refa akutiwopseza kuti aimba wokova. Chimene sitinaone msanga n'chakuti anyamata okhulupirika aja, amene ankabwera Lachiwiri ndi Lachinayi mvula kaya dzuwa, anayamba kuchepa mmodzi mmodzi, osakangana ndi munthu, kungosiya basi. Tsiku lina ku training tinapezeka anthu 6, ngakhale ka five-a-side sikanatheke. Pamenepo mpamene tinamuika pa benchi, mochedwa, ndipo gemu yoyamba popanda iye tinaluza, ndisakunamizeni. Iye anakwiya milungu iwiri kenako anabwera yekha atanyamula nsapato zake.

Komanso musanamuweruze mukhale naye pansi awiriwiri, osati pa gulu la WhatsApp pomwe aliyense aziponyapo ma emoji oseka. Uwu ndi mpira wa anthu osalipidwa, wina ali pa shifiti ya usiku, wina mwana akudwala, wina thiransipoti yamuvuta akuchita manyazi kunena. Wolephera kubwera atatumiza meseji ndi wongosowa osanena kanthu ndi anthu awiri osiyana, lamulo lanu liwasiyanitse. Mukapeza kuti ndi matama chabe, ndiye benchi.

Koma difenda wotukwana refa uja ndi amene wandinyansa kwambiri, ndipo pa post yanu mwamudutsa mwachangu ngati nkhani yaing'ono. Lamulo 12 la mpira limanena poyera, kutsutsana ndi refa ndi yellow, kutukwana ndi red yachindunji, ndipo sindinaonepo refa akusintha chimene waimba chifukwa munthu wamukalipira. Ku England ma ligi ang'onoang'ono kuyambira sizoni ya 2019/20 anabweretsa sin bin, ukalongolola kwa refa umakapuma kunja maminitsi 10 timu yako ikusewera yoperewera. Ku mpikisano wa Euro 2024 bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya la UEFA linalamula kuti pa nkhani zikuluzikulu wolankhula ndi refa akhale kaputeni yekha, ena akathamangirako yellow. Ngati ma professional akuwamanga pakamwa chonchi, inu chikukuletsani n'chiyani? Sankhani kaputeni wa mtima wozizira, osati amene amakuwa kwambiri, ndipo muuzeni kuti ntchito yake yoyamba ndi kukoka anzake kuwachotsa pa refa.

Mukapitiriza chonchi tsiku lina gemu idzathera panjira, chifukwa timu ikatsala ndi osewera ochepera 7 refa sapitiriza. Zinachitikapo ku England mu 2002, Sheffield United ndi West Brom, Sheffield inadya ma red atatu ena awiri n'kuvulala masabu atatha, anatsala 6 ndipo refa anaimba kuti basi gemu yatha, West Brom ikutsogola 3-0. Inu dzulo munatsala 9, komanso timu ngati zathuzi benchi imakhala ya anthu atatu kapena anayi, ban ya anthu awiri nthawi imodzi ndiye kuti gemu yotsatira goloboyi wachiwiri akusewera pa wing.

Malamulo musalembe buku, atatu anayi akwana ndipo agwirizane okha osewera pa miting'i, kochi asangowaponyera. Wojomba ku training osanena sayamba gemu. Khadi ya pakamwa kapena yobwezera, kachindapusa kochepa kolowa m'thumba la timu kapena achape ma jezi sabata imeneyo. Khadi ya tackle yoti munthu amalimbira mpira musalipiritse, mungapange ma difenda amantha. Nthawi yofikira pa bwalo ikhale yodziwika kuti warm-up isakhale yothamanga kuchokera pa geti. Za wobwera akununkha za dzulo usiku sindinena zambiri, ameneyo akhale ndi masapota.

Ndipo a kochi nawo lamulo liwagwire. Kuyambira 2019 refa amatha kuonetsa khadi kwa kochi ndi anthu a pa benchi, ndipo ine ndaona matimu ambiri pomwe woyamba kutukwana ndi kochi yemweyo, anyamata amangotsanzira. Ngati inuyo amwene ndinu a komiti, dzifunseni kuti dzulo pa laini paja munkakuwa zotani.

Sabata ino ku training yeserani kusewera 9 kulimbana ndi 11 kapena 5 kulimbana ndi 7 ngati anthu achepa, aphunzire kubwerera m'mbuyo n'kutseka pakati osathamangira mpira aliyense. Pa nambala 9 ikanipo mnyamata amene wakhala akubwera masiku onse, ngakhale aphonye ziwiri musamutulutse hafu yoyamba. Mudzatiuze pano mmene zidzathere, komanso mutiuze ngati difenda uja anapepesa kwa anzake, chifukwa pa post yanu simunatchule.