Funsani Azakhali: chilonda cha amalume ndi pepani wa manijala

Zikomo Azakhali,

Amalume anga ali ndi zaka 78. Anabwera kuno ku England kalekale, ana alibe, ndipo m'bale wawo wapafupi ndine ndekha. Chaka chatha anadwala sitiroko, mbali ya kumanja inafa, mutu nawo unayamba kusokonekera, moti khonsolo inawapezera malo kunyumba yosamalira okalamba. Lamlungu lapitali nditapita kukawaona, fungo linandilonjera ndili pakhomo. Thewera linali litanyowa mpaka zofunda, belu loitanira antchito lili pansi kuseri kwa bedi, tiyi wam'mawa ali patebulo kumbali ya dzanja lakufa lija, atazizira. Nditawatembenuza ndinapeza chilonda m'munsi mwa msana, chakuda pakati, kukula kwake ngati chivundikiro cha botolo la jamu. Manijala anapepesa, nati antchito achepa ndipo aona chochita. Abale kumudzi akuti ndisayambane ndi eni dziko, angawathamangitse amalume. Pepala londipatsa mphamvu pa iwo ndilibe. Ndipange bwanji?

Wosweka mtima, Leicester

Mwana wanga,

Ndinagwira keya, ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, zaka 12, zambiri mwa izo usiku, ndipo chilonda chimene mwafotokozacho ndikuchidziwa ndi mphuno yomwe. Chimayamba munthu akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, fupa n'kumapanikiza khungu mpaka magazi kusiya kufikapo. Poyamba pamangofiira. Kuti pafike poda pakati ngati mmene mwaoneramo, ndiye kuti anthu angapo, pa mashifiti angapo, anasintha thewera n'kuona, kapena sanasinthe n'komwe. Malangizo a NICE, bungwe lowongolera za chithandizo cha zaumoyo kuno ku England, amati wamkulu amene ali pachiopsezo chachikulu cha zilonda zotere asapitirire maola 4 osatembenuzidwa. Ndipo nyumba yosamala imakhala ndi tchati cholembapo ola limene munthu watembenuzidwa, mbali imene wagonekedwa, ndi dzina la womutembenuza. Tchaticho musachiiwale, tibwererako.

Tiyambe ndi thupi, malamulo abwera pambuyo. Lero lomwe uzani nyumbayo kuti dokotala wa amalume, GP uja, awaone, ndiponso aitanidwe nesi wodziwa za zilonda, amene kuno amamutcha tissue viability nurse. Amalume akayamba kutentha thupi, kupuma mofulumira kapena kusokonezeka kuposa masiku onse, musadikire manijala, imbani 999 kuitana ambulansi. Chilonda chotere chikalowetsa majeremusi m'magazi chimapha.

Kenako imbani kukhonsolo ya dera limene kuli nyumbayo, mufunse ofesi yoteteza akuluakulu osatha kudziteteza, ya adult safeguarding. Mawu amenewa muwatchule momwemo, chifukwa ndi amene amatsegula chitseko. Ndime 42 ya lamulo la Care Act 2014 imalamula khonsolo kufufuza ikamva kuti munthu wamkulu wofuna chisamaliro akuzunzidwa kapena akunyalanyazidwa, ndipo iye sangathe kudziteteza. Wokanena safunika pepala lililonse. Mnansi akhoza, m'busa akhoza, inu mukhoza. Zoti ndani akulipira nyumbayo zilibe kanthu. Mukatha kuimba, lembani imelo yobwereza zimene mwanena, kuti tsiku ndi ola zikhale pamalo.

Ndiime kaye pa nkhani yolembayi, chifukwa ife anthu a kwathu timagwa pamenepa. Timakhulupirira kukambirana pamaso. Munthu akatilandira bwino, n'kutipatsa mpando ndi tiyi, n'kupepesa, timaona ngati kutulutsa cholembera ndi chipongwe. Koma akuluakulu ananena kale kuti pepani sapoletsa chilonda. Ndinaonapo ndi maso anga tchati chotembenuzira anthu chikudzazidwa 6 koloko m'mawa, mizere yonse ya usiku wathunthu, cholembera chimodzi, dzanja limodzi, munthu ataima pakhonde akuyasamula. Papepala agogo ena anatembenuzidwa kanayi. Pabedi anali momwe anawagonekera madzulo. Nyumbayo inali ya maluwa pakhomo ndi piyano pabalaza, chikomekome cha mkuyu. Choncho gulani kope. Lembani tsiku, ola, zimene mwaona, zimene mwanunkhiza, amene mwalankhula naye ndi zimene wayankha. Jambulani chilondacho mutaika ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kuoneke, mujambulenso belu lili pansilo. Amalume muwapemphe kaye ngakhale mukuganiza kuti sakumva, ndipo mujambule chilonda chokha. Zithunzizo ndi za khonsolo, dokotala ndi loya. Pagulu la WhatsApp la banja zisafike, amalume akadali amalume.

Kunyumbayo lemberani dandaulo, lolemba ndithu, ndipo mufunse zinthu zenizeni: chilondachi chinaoneka koyamba tsiku liti, anauza ndani, matiresi ampweya anaikidwa liti, usiku wa Loweruka panali antchito angati. Malamulo a 2014 oyendetsera nyumba zimenezi amati dandaulo lililonse lifufuzidwe. Mulinso gawo lotchedwa duty of candour, lokakamiza nyumba kuulula poyera munthu akavulala kwambiri m'manja mwawo, kupepesa, ndi kutsatiza ndi kalata. Manijala wanu wapepesa pakamwa. Kalatayo ili kuti?

Bungwe loyendera nyumba zimenezi la Care Quality Commission, limene ambiri amangoti CQC, muliuzenso, pa 03000 616161 kapena pa intaneti. Koma ndikuchenjezeni kuti musadzakhumudwe. CQC siweruza dandaulo la munthu mmodzi. Imasonkhanitsa zimene yamva, ikhoza kutulukira panyumbayo osanena, kuitsitsa giredi, kuitengera kukhoti kapena kuitseka. Woweruza dandaulo lanu, ngati yankho la nyumbayo kapena la khonsolo silikukhutiritsani, ndi Local Government and Social Care Ombudsman. Ndi waulere, ndipo amafuna kuti mufike pasanathe miyezi 12 kuchokera pamene munadziwa za vutolo. Akhoza kunena kuti apepese, abweze zina mwa ndalama zolipira, asinthe kagwiridwe ka ntchito. Ndalama za kumeneko sizikhala zambiri. Zonsezi ndi za ku England. Amene muli ku Scotland, kwanu ndi ku Care Inspectorate, ndipo iwo amafufuza dandaulo la munthu mmodzi.

Apolisi nawo ali ndi gawo. Kuyambira mu 2015, lamulo la Criminal Justice and Courts Act linakhazikitsa kuti wosamalira anthu akazunza kapena kunyalanyaza mwadala munthu amene ali m'manja mwake, ndi mlandu wofika zaka 5 kundende, ndipo kampani yake ikhoza kuimbidwanso mlandu. Liwu lolemera pamenepo ndi lakuti mwadala. Mtsikana amene wasiyidwa yekha ndi anthu 20 usiku, n'kulephera kufika kwa onse, si chimodzimodzi ndi amene wachotsa belu kuti agone bwino. Belu la amalume linagwa lokha kapena linachotsedwa? Limenelo ndi funso loti a safeguarding afunse, ndipo muwakumbutse. Mukadzaona mikwingwirima m'mikono, kapena amalume akumadzidzimuka wantchito wina akalowa, imbani kupolisi pa 101 osadikira.

Za chipukuta misozi. Amalume akhoza kusumira nyumbayo chifukwa cha kusasamala. Nthawi yake ndi zaka 3, koma kwa munthu amene mutu wake sukuthanso kuyendetsa mlandu, nthawiyo siwerengedwa akadali choncho, ndipo wina akhoza kumuimira, amene khoti limamutcha litigation friend. Ameneyo akhoza kukhala inu. Popeza malowo inawapezera ndi khonsolo, lamulo la Human Rights Act 1998 likuikhudzanso nyumbayo ngakhale ndi ya kampani, koma njira imeneyo nthawi yake ndi chaka chimodzi chokha. N'chifukwa chake loya muonane naye msanga, ngakhale musanatsimikize zosumira. Ambiri amatenga milandu yotere pa mgwirizano woti mukaluza simuwalipira. Muwafunse kuti mukawina adzadula zingati, ndipo yankho likhale lolemba.

Pa nkhani ya pepala mwanena zoona. Kungolembedwa kuti next of kin, m'bale wapafupi, sikupatsa munthu mphamvu pa lamulo la kuno. Pepala la mphamvu ndi Lasting Power of Attorney, ndipo munthu amasaina mutu ukugwirabe. Pemphani kuti amalume awayeze ngati angathe kumvetsa nkhani imeneyi, chifukwa sitiroko siitenga nzeru zonse, ndipo lamulo la Mental Capacity Act 2005 limati munthu aliyense ayesedwe wokhoza mpaka zitatsimikizika kuti sangathe. Ngati angathe, asaine, komanso avomere kuti muone mafailo awo. Ngati sangathe, njira ndi Court of Protection, khoti loona za anthu amene sangathe kudzisankhira okha, koma ngakhale musanafike kumeneko, lamulo lomwelo limati posankha zowakomera afunsidwe anthu owasamala ngati inu. Pamsonkhano wa khonsolo mpando wanu ulipo.

Abale kumudzi muwamvetse. Akuopa chifukwa amakukondani, ndipo kwathu wodandaula kuofesi nthawi zina amabwerako atakhumudwa. Kubwezera kumachitika ndithu, sindikunamizani. Koma kuthamangitsa munthu chifukwa m'bale wake wadandaula n'kosaloledwa, malangizo a boma amati chidziwitso chochotsa munthu chikhale cholemba ndipo chisachepere masiku 28, ndipo popeza anawaika ndi khonsolo, udindo wowapezera malo ena ndi wake. Kuyambira mu April 2024 kulinso lamulo loti nyumbazi zizilola alendo kuona abale awo, kupatula pa zifukwa zapadera. Ndiye pitani. Pitani Lachiwiri 7 koloko m'mawa, pitani Lachisanu usiku, osati Lamlungu lokha pamene akudziwa kuti mubwera. Tiyi mukamupeza kumanja, musunthireni kumanzere, ndipo mulembe m'kope.

*

Azakhali, ndili pa viza ya keya, kampani ndi imene inandibweretsa. Wamkulu wa shifiti amatiuza kusaina kuti tatembenuza anthu ndi kuwamwetsa madzi pamene sitinatero. Ndikanena, ntchito itha, viza itha, ana anga awiri ku Zomba asiya sukulu. Ndikhale chete?

Wamantha, West Midlands

Mchemwali wanga, dzina lili pa tchaticho ndi lanu. Tsiku limene agogo ena adzafe ndi ludzu, wamkulu wa shifitiyo adzati sakudziwa kanthu, ndipo apolisi adzawerenga siginecha. Wopezeka kuti anavulaza kapena kuika anthu pachiswe akhoza kulembedwa pa mndandanda wa bungwe la boma la DBS wa oletsedwa kugwira ntchito yosamalira anthu, ndipo pamenepo viza yapita, ntchito ya keya yapitanso. Kuyambira usiku uno sainani chokhacho chimene mwachita ndi manja anu. Chimene simunafikepo lembani kuti simunafikepo, ndi chifukwa chake.

Ku CQC ndi kukhonsolo mukhoza kunena osatchula dzina. Lamulo la Public Interest Disclosure Act 1998 limateteza wantchito woulula zotere, ngakhale wangoyamba kumene ntchito. Akakuchotsani chifukwa cha zimenezi, thamangirani ku ACAS, bungwe lolangiza pa mikangano ya pantchito, kapena ku bungwe la antchito ngati Unison sabata yomweyo, chifukwa pali pempho lina lofulumira ku tribunal, khoti la nkhani za pantchito, limene limafuna kufika pasanathe masiku 7. Ngati simunalowe bungwe, lowani tsopano zinthu zisanavute. Viza nayo siifa tsiku lomwelo. Home Office, unduna woona za maviza, kawirikawiri imapereka masiku 60 oti mupeze kampani ina yokulembani, ndiye yambani kufunsira malo ena panopa, mwakachetechete.

Ku Orchid View, nyumba ina ya ku West Sussex, kafukufuku wa imfa wa mu 2013 anapeza kuti kunyalanyaza kunathandizira imfa za okalamba 5. Amene anakauza apolisi anali mayi wa mu ofesi, atauzidwa kuti ang'ambe mapepala a mankhwala. Inu mapepala a kuntchito musatenge kupita nawo kunyumba, muli zinsinsi za odwala ndipo angakugwireni pomwepo. Lembani m'kope lanu tsiku, ola, nambala ya chipinda ndi mawu enieni amene munauzidwa.