Ndalama ya mitu iwiri ya ku Kamwendo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Kamwendo, m'boma la Mchinji. Akuti posanthula katundu wa malemu agogo awo anapeza kachitini ka makobiri akale. Muli mapeni oboola pakati, 10 tambala ya 1971 yomwe chithunzi chake chinathawira kumbali, komanso 20 tambala yokhala ndi mutu wa Kamuzu uku ndi uku. Wina pa Facebook wawauza kuti zonsezi ndi ndalama zolakwika posula, ndipo ku Chipata kuli wogula, koma ayambe atumiza kangachepe koyezetsera. Akufunsa ngati n'zenizeni ndiponso kuti zingagulidwe zingati.

Bambo, musatumize kalikonse. Wogula weniweni amabwera ndi ndalama, salipiritsa mwini katundu. Zimandipweteka kuona anthu akugulitsa thumba la mtedza kuti alipire "zoyezetsa", kenako nambala ija osapezekanso.

Tibwere ku chitini chija. Posula ndalama, kachitsulo kozungulira kopanda chilembo kamalowa pakati pa zidindo ziwiri, chapamwamba ndi chapansi, ndipo mkombero umakagwira m'mbali kuti kasathawe. Cholakwika chimene osunga ndalama zakale amachifuna ndi chochitikira pamenepo, m'fakitale. Yopondedwa ndi ngolo, yomenyedwa ndi hamala kapena yodyedwa ndi dzimbiri m'nthaka, imeneyo yangowonongeka.

Mapeni oboolawo alibe cholakwika. Peni ndi hafu peni za m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland zinkasulidwa dala ndi bowo, ndipo zinasulidwa zambirimbiri.

Ya mitu iwiriyo ndiyo mukuidalira, ndikudziwa, koma ndiyonso ndikuikayikira kwambiri. Pafupifupi zonse zotere n'zopanga anthu. Amatenga ndalama ziwiri, ina n'kuigoba mkati ngati kambale, inayo n'kuipala mpaka ilowe bwinobwino m'kambalemo. Tulukani nayo panja dzuwa lili pamutu, muyang'ane ndi galasi lokuzira zinthu mkati mwenimweni mwa mphepete. Mukaona kamzere kopyapyala ngati tsitsi kozungulira ndalama yonse, ndiye msoko umenewo. Kenako igwetseni pang'ono patebulo pamodzi ndi 20 tambala ina yabwinobwino ya mutu wa Kamuzu. Yeniyeni imalira kuti ngwee, yolumikiza imangoti phu.

Imene yandikoka mtima ine ndi 10 tambala ija, ya chimanga kumbuyo. Kachitsulo kakapanda kukhala bwino mu mkombero, chidindo chimamenya chakumbali, ndipo mbali ina imatsala yosalala ngati mwezi wongooneka kumene. Ikakhala yeniyeni, mbali yosalalayo imapezeka pamalo amodzi kutsogolo ndi kumbuyo, siikhala ndi zikande za tupa, ndipo kulemera kwake sikusiyana ndi inzake yabwinobwino, chifukwa palibe chitsulo chimene chinachoka. Poyeza pafunika kasikelo ka batire kowerenga tizigawo ta galamu, osati sikelo ya mavenda a soya. Onaninso ngati chaka chikuwerengeka, popeza ogula amakonda yomwe chaka chake sichinadukeko.

Maginito nawonso amathandiza ngati mukudziwa chitsulo chimene ndalamayo inayenera kukhala nacho. Mu 1943 dziko la America linasula 1 cent ndi chitsulo wamba chifukwa mkuwa unkafunika kunkhondo, koma zochepa zinasulidwa mwangozi pa tizitsulo tamkuwa totsalira. Zimenezo n'zodula zedi, n'chifukwa chake akathyali amakuta yachitsulo ndi mkuwa. Maginito amawayalutsa: yabodza imamata. Sikelonso imanena, yamkuwa ndi magalamu 3.11, yachitsulo 2.7. Kwathu kuno 10 tambala ya 1971 siyenera kumata, pomwe zambiri za m'zaka zapambuyo pake zimamata, ndipo sicholakwika.

Za mtengo ndinene mosabisa. Cholakwika pachokha sichilemeretsa munthu. Mu 2008 Royal Mint, fakitale yosula ndalama ya ku Britain, inasakaniza zidindo n'kutulutsa 20 pence yopanda chaka. Nkhaniyo inamveka dziko lonse, komabe poti zinatuluka zambiri, lero imagulidwa mapaundi makumi angapo basi. Mtengo umakwera pamene ndalamayo ndi yosowa, yosafufutika, ndipo ofuna alipo ambiri olimbirana. Osunga ndalama za Malawi ndi ochepa kuyerekeza ndi a ndalama za America kapena Britain. Choncho ngakhale 10 tambala yanuyo itakhala yeniyeni, musaiwerengere malata a nyumba. Mukalowa pa eBay, msika wa pa intaneti, musatengeke ndi mitengo imene ogulitsa alemba, pakuti aliyense atha kulemba mamiliyoni. Fufuzani zimene zinagulidwadi. Kuli makampani otsimikizira ndalama ngati PCGS ndi NGC, koma kutumiza ndi kulipira ntchito yawo kawirikawiri kumaposa mtengo wa ndalama ngati iyi.

Ndikupempheni chimodzi ndi mtima wonse: musazitsuke. Ndili mwana ndinakwecha ndi phulusa ndi ndimu sheleni ya 1964 imene agogo anga anandipatsa. Inawala tsiku limenelo, koma nkhope yake inadzala timizere, ndipo mpaka lero ndikaiyang'ana mtima umandiwawa. Ndalama yokwechedwa imatsika mtengo, ndipo zizindikiro zotsimikizira cholakwika zimafufutika nazo.

Ikulungeni iliyonse payokha m'kapepala kouma. Mukapeza kasikelo kaja, jambulani 10 tambalayo kutsogolo, kumbuyo ndi m'mphepete, munditumizire pamodzi ndi kulemera kwake ndi kwa inzake ya 1971, tiione limodzi.