Land Rover ya pa Facebook: nditumize dipoziti kapena ndidikire?

Kalata ya sabata ino yabwera pa imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Katete, mphunzitsi wopuma pantchito. Akuti aona Land Rover Series III, yaitali ija imene amaitcha 109, ikutsatsidwa pa Facebook. Utoto wobiriwira, matayala atsopano, mtengo wake wotsika moti tulo sakutiona. Wogulitsa akuti galimotoyo ili ku Ndola, koma mwiniwakeyo ali kuntchito ku migodi ya ku Solwezi, ndipo akufuna K6,000 pa Airtel Money kuti aisunge, poti pali anthu ena awiri amene akuifunanso. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi nditumize? Nanga ndingadziwe bwanji ngati si akathyali?"

Aphunzitsi, musatumize. Ngakhale K500 yokha, ayi.

Sindikunena kuti munthuyo ndi wakuba ndithu. Koma onani mmene nkhani yake yaumbidwira. Galimoto ili kutali, mwiniwake ali kutali ndi galimoto yakeyo, mtengo ndi wokoma, ndipo nthawi yoganiza palibe chifukwa "ena akubwera". Chilichonse mwa zimenezi pachokha sichachilendo, koma zikakumana zonse m'malonda amodzi, cholinga chake chimakhala chimodzi: ndalama zichoke m'foni mwanu maso anu asanaone chitsulo. Wakubayo safunikira n'komwe kukhala ndi galimoto. Zithunzi amangotola pa intaneti, SIM khadi imakhala m'dzina la munthu wina, ndipo ndalama zikangolowa amakazitapa pa buthu nthawi yomweyo. Mukamaimbanso, foni yazima. Ena sazimitsa msanga: amakuuzani kuti galimoto yanyamuka koma yaima pa Luangwa Bridge, mafuta atha, onjezani pang'ono. Kenako apolisi aigwira, onjezaninso. Munthu amapitiriza kutumiza pofuna kupulumutsa zoyamba zija.

Pali mayeso amene mungachite lero muli khale pakhonde panu. Tengani zithunzizo muzifufuze ndi Google Lens, mwana aliyense wa kusekondale akuthandizani. Mukapeza galimoto yomweyo itaima pa kapinga wa ku England kapena ikugulitsidwa ku Pretoria, nkhani yathera pomwepo. Yang'ananinso kumbuyo kwa galimoto pachithunzipo: nyumba zake, mitengo yake, nambala za galimoto zina zoima pafupi, kodi ndi za kwathu kuno? Kenako muimbireni pa WhatsApp ya vidiyo, kapena amene akusunga galimotoyo ku Ndola ndiye aimbe. Alembe papepala mawu amene inu mwasankha, aliike pa boneti, alize injini inu mukuona, akuonetseni nambala ya chasisi. Munthu amene galimoto ali nayodi sizimutengera mphindi khumi. Amene alibe amayamba za netiweki, za kamera yosweka, mwinanso kukwiya kuti simukumukhulupirira.

Tsono tinene kuti wapambana mayesowa, galimoto ilipodi. Apa mpamene galimoto zakale zimasiyana ndi ma Corolla obwera kuchokera ku Japan, ndipo mpamene ndikufuna tikhalitsepo.

Series III inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Ndiye kuti ngakhale yomaliza kutuluka m'fakitale yakwanitsa zaka 40. M'zaka zonsezo yadutsa m'manja ambiri: mwina inayambira ku boma kapena ku mishoni, kenako kwa mlimi wa fodya, kenako kwa wonyamula chimanga. Injini inasinthidwa, mwina kawiri. Nthawi zina bodi ndi ya galimoto ina, chasisi ya ina, mapepala a ina yachitatu. Chimene mukugula mwalamulo ndi nambala, choncho zinthu zitatu ziyenera kugwirizana: nambala yodindidwa pachitsulo, nambala yolembedwa mu white book (chikalata cha umwini wa galimoto), ndi dzina la pa NRC (chitupa cha unzika) ya munthu amene akulandira ndalama zanu.

Pa Land Rover yotereyi nambala ya chasisi imapezeka pawiri. Pali kachitsulo kokhomedwa pa bulkhead, khoma lija lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Kameneko musakadalire kokha, poti kamachotsedwa ndi kukhomedwa pa galimoto ina mosavuta. Nambala yeniyeni ndi yodindidwa pa chasisi penipeni, kutsogolo kudzanja lamanja, pamene pamagwira sipuling'i. Gwadani pamenepo ndi burashi ya waya ndi tochi. Mukapeza pokhulidwa ndi grinder, kapena chigamba chowotcherera chatsopano pamalo okhawo, kapena manambala osiyana kukula ndi kuzama, imirirani muzipita. Chinanso, musadabwe nambala ikakhala yaifupi. Ya zilembo ndi manambala 17 ija inakhazikika cha m'ma 1981. Ma Series III a m'zaka za m'ma 1970 ambiri ali ndi manambala asanu ndi atatu ndi chilembo chimodzi kumapeto. Ngati injini inasinthidwa, white book isonyeze nambala ya injini imene ilimo lero, apo ayi mudzavutika nazo ndinu pokasintha dzina ku RTSA, bungwe la boma lolembetsa galimoto.

Za dzina nazo zili ndi msampha wake umene suchokera kwa mbava za pa intaneti, koma m'mabanja mwathu momwemu. Galimoto zakale zambiri zili m'dzina la agogo amene anatisiya kalekale. Yakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zambiri, nkhuku zikuikira mazira pampando, ndiye mdzukulu mmodzi wochenjera waijambula n'kuiika pa Facebook abale osadziwa. Inu mulipira, muikonza bwinobwino, tsiku lina mungoona azakhali ake afika ndi apolisi kudzatenga chuma cha masiye. Ngati dzina la mu white book ndi la malemu, wogulitsa akhale administrator, woyang'anira chuma cha masiye wosankhidwa ndi khoti, ndipo pepala la khotilo mulione ndi maso anu. Zakuti "ndine mwana woyamba, abale onse anavomera" si pepala.

Ife a kum'mawa kuno tili ndi vuto lina la kumalire. Galimoto zimalowa pa Mwami kuchokera ku Malawi, zina pa Chanida kuchokera ku Mozambique. Ina imalowa ndi chilolezo cha mlendo chongoyendera masiku owerengeka, kenako n'kugulitsidwa muno msonkho wa ZRA, bungwe lotolera misonkho, usanalipidwe. Yotereyo ikagwidwa, amataya ndi amene ali nayo m'manja. Ikakhala ndi nambala yakunja, funsani mapepala a kasitomu ndi chikalata cha Interpol chosonyeza kuti sinabedwe kumene ikuchokera.

Za utoto wobiriwira umene wakukopaniwo, akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bodi ya Land Rover ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri, n'chifukwa chake imaoneka yamoyo ngakhale itatheratu. Chimawola ndi chasisi ndi bulkhead, zomwe ndi zachitsulo. Lowani pansi ndi kahamala, gogodani chasisi kuyambira kutsogolo mpaka mtanda wakumbuyo uja. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chowola chimangoti phu, nthawi zina hamala n'kulowa. Phula lakuda lopakidwa chatsopano pansi ponse ndimaliopa kuposa dzimbiri looneka. Tukulani mphasa za pansi poponda mapazi, yang'ananinso m'munsi mwa mizati ya zitseko. Nzeru ija yoyendetsa maginito pabodi pofufuza body filler, phala lomatira pophwanyika, imathandiza pa Peugeot 504 kapena Datsun, koma pano ayi, maginito sagwira aluminiyamu.

Wotchi ya mtunda musaiwerengere n'komwe. Ili ndi malo a manambala asanu okha, ikafika 99,999 imayambiranso pa ziro. Akakuuzani kuti yangoyenda 40,000, funsani kuti ulendo wachingati. Onaninso kuti ndi Series III yeniyeni: girilo yake ndi ya pulasitiki ndipo mawotchi ali kutsogolo kwa dalaivala, pamene pa Series IIA, mtundu umene unatsogola, ali pakati pa dashibodi.

Ndikudziwa chimene chikukuvutani, aphunzitsi. Kuchoka ku Katete kukafika ku Ndola ndi makilomita pafupifupi 800, kudzera ku Lusaka, ndipo mukuona ngati dipoziti ikupulumutsani ku ulendo wopanda pake. Koma ndalama ya basi yopita ndi kubwera, pamodzi ndi ya makaniko woti mupite naye, mukaitaya mwataya mukudziwa chimene mwakana. Makanikoyo akhale wanu, wodziwa galimoto za kabureta, osati wobwera ndi wogulitsa. Mufike m'mawa injini isanalizidwe, muigwire ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, chifukwa injini yotopa imabisa utsi ndi kugogoda ikatenthedwa. Mukumane masana, pamalo pa anthu, ndipo musayende ndi ndalama m'chikwama. Mukagwirizana, pitani limodzi ku RTSA akatsimikize kuti white book ndi yeniyeni, mulembe letter of sale, kalata yogulitsirana, pali mboni, mutenge kope ya NRC yake, ndipo ndalama zidutse ku banki, ku akaunti ya dzina lomwelo limene lili pamapepala. Akanena kuti tumizani ku nambala ya mkazi wake kapena ya "agent", kanani.

Ngati pena munatumizako kale kangachepe koma mwachita manyazi kundiuza, musaonjezere. Sungani mameseji onse ndi nambala ya transaction, imbirani kampani ya foniyo msanga, ndipo kanenene ku polisi.

Pakali pano mulembereni mawu awa okha: "Ndibwera Loweruka ndi makaniko wanga, ndidzalipira ndikaiona." Zimene ayankhe munditumizire.