Mafunso a Owerenga: Kodi Maiko Oyandikana Angadzudzulane pa Nkhani ya Demokalase?

Funso: A Mkonzi, kawirikawiri ndimamva pa wailesi kuti bungwe la maiko a chigawo chakutichakuti ladzudzula boma lina chifukwa cha momwe layendetsera chisankho. Popeza dziko lililonse ndi loima palokha, kodi anzake oyandikana nalo amautenga kuti udindo woliuza zochita? (Mphunzitsi wa sekondale)

Yankho: Aphunzitsi, udindo umenewu umachokera m'mapangano amene maikowo anasainirana okha, popanda wowakakamiza. Dziko likalowa m'bungwe la chigawo limavomera kuti nkhani zina za kayendetsedwe ka boma lake zizikambidwanso ndi anzake. Kale sizinali choncho. Bungwe la Organisation of African Unity, lomwe linakhazikitsidwa mu 1963, linkatsindika kwambiri mfundo yoti dziko lisalowerere za mnzake, mwakuti msilikali wolanda boma ndi mfuti ankafika pamsonkhano wa atsogoleri n'kulandiridwa ndi ulemu wonse, ndipo Idi Amin wa ku Uganda anafika pokhala wapampando wa bungweli mu 1975. Zinthu zinasintha kwambiri mu 2000, pamene atsogoleri anagwirizana mumzinda wa Lomé ku Togo kuti boma lolowa mosatsata malamulo lisamavomerezedwe, ndipo lero malamulo okhazikitsa African Union, bungwe lomwe linalowa m'malo mwa lakale lija, amanena kuti boma lotero lisaloledwe kutenga nawo mbali m'zochitika za bungweli.

Mabungwe a zigawo anayenda njira yomweyo. Maiko 9 amene anakumana ku Lusaka mu 1980 n'kuyambitsa bungwe lomwe linadzakhala SADC ankafuna makamaka kuchepetsa kudalira South Africa ya nthawi ya tsankho, ndipo ambiri mwa iwo anali pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi. Mawu a demokalase, ufulu wachibadwidwe ndi kulemekeza malamulo analowa m'pangano la ku Windhoek la 1992, ndipo mu 2004 bungweli linavomereza mfundo zoyendetsera zisankho, zomwe zinakonzedwanso mu 2015. Kuzambwe kwa Africa, pangano la 2001 la ECOWAS, bungwe la maiko a chigawocho, limaletsa kusintha kwakukulu kwa malamulo a zisankho kukatsala miyezi 6 kuti anthu aponye voti, pokhapokha mbali zambiri za ndale zitagwirizana nako. Nakonso ku Ulaya, kuchokera pamsonkhano wa ku Copenhagen mu 1993, dziko lofuna kulowa mu European Union liyenera kuonetsa kuti lili ndi demokalase yokhazikika komanso kuti limateteza magulu a anthu ochepa.

Koma chifukwa chachikulu chimaposa mapepala osainidwawo. Boma likasokonekera, oyamba kumva ululu kunja kwa malire ake ndi oyandikana nalo, pakuti ndi iwo amene amalandira othawa kwawo, ndipo katundu wawo ndiye amaima pamsewu kapena padoko. Anthu oposa 7 miliyoni achoka ku Venezuela m'zaka zapitazi, ndipo dziko limene lalandira ambiri ndi Colombia, lomwe linagundana nalo malire. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Atsogoleri a maiko amazimanso podziwa kuti motowo ukhoza kufika kwawo mawa lisanafike.

Funso: A Mkonzi, ine ndimaona ngati mapangano amenewa ndi mawu okoma chabe. Atsogoleri amakumana, kudya, kujambulitsa, n'kubwerera kwawo. Kodi alipo malo amene mgwirizano wotere unapulumutsadi demokalase? (Mayi wochita malonda odutsa malire)

Yankho: Mayi, malo otere alipo, ndipo chitsanzo chomveka bwino ndi Gambia. Mu Disembala 2016, Yahya Jammeh, amene analamulira dzikolo kuyambira 1994, anagonja kwa Adama Barrow, anavomera zotsatira, koma patapita masiku ochepa anatembenuka n'kukana kutula pansi udindo. Atsogoleri a ECOWAS anapita kukakambirana naye, ndipo zokambiranazo zitalephera, Barrow analumbiritsidwa pa 19 Januwale 2017 ku ofesi ya kazembe wa Gambia mumzinda wa Dakar ku Senegal, asilikali a chigawocho motsogozedwa ndi Senegal analowa m'dzikomo, ndipo Jammeh ananyamuka kupita ku Equatorial Guinea. SADC nayo inaimitsa umembala wa Madagascar mu 2009 pamene Andry Rajoelina anachotsa Pulezidenti Marc Ravalomanana mothandizidwa ndi asilikali, ndipo inalibwezeretsa dzikolo mu 2014 chisankho chitachitika.

Komabe kukayika kwanu kuli ndi maziko. Mabungwe amenewa amachita changu pamene wolakwa ndi msilikali wovala yunifolomu, popeza kulanda boma ndi chinthu choonekeratu komanso choopsa kwa pulezidenti aliyense wokhala pamsonkhanowo. Amachita chidodo pamene wolakwayo ndi mnzawo wosankhidwa, amene akuphwanya malamulo pang'onopang'ono, kuika anthu ake m'makhoti, kutseka nyumba zoulutsira mawu kapena kudziwonjezera nthawi yolamulira. Ku Guinea, Pulezidenti Alpha Condé anasintha malamulo oyendetsera dziko mu 2020 kuti aimenso kachitatu, anthu anafa pa zionetsero, koma dzikolo linakhalabe membala wa ECOWAS. Asilikali atamuchotsa mu Seputembala 2021, umembala wa Guinea unaimitsidwa m'masiku owerengeka. Munthu wamba amene anaona zonse ziwirizi sangalakwe kufunsa ngati bungwelo limateteza ovota kapena okhala pamipando, ndipo m'maganizo mwanga funso limeneli ndi limodzi mwa zifukwa zimene anthu ambiri a ku Niger sanakondwere ndi zilango komanso chiopsezo cha nkhondo zomwe ECOWAS inalengeza asilikali atalanda boma mu Julaye 2023. Mapeto ake Mali, Burkina Faso ndi Niger, maiko atatu amene asilikali analanda boma, analengeza mu Januwale 2024 kuti akutuluka m'bungweli, ndipo anatulukadi chaka chotsatira.

Nkhani ya khoti la SADC, lomwe linali ku Windhoek, imaonetsa vuto lomweli. Mu 2008 khotili linagamula mokomera alimi amene anadandaula za kulandidwa minda ku Zimbabwe, boma la Zimbabwe linakana chigamulocho, ndipo m'malo molikakamiza kuti limvere, atsogoleri a chigawo anaimitsa ntchito za khotilo mu 2010, kenako mu 2014 anakonza pangano latsopano loti khotilo lizimva milandu ya pakati pa maiko okha, osati ya munthu wodandaula za boma lake. Musaganize kuti ndi matenda a Africa yokha. European Union inayamba mu 2018 ndondomeko yodzudzula Hungary pa nkhani yolemekeza malamulo, koma kulanda dziko mphamvu yovota m'bungwemo kumafuna kuti maiko ena onse ayambe agwirizana kuti laphwanyadi mfundozo, ndiye chimene chinaluma kwenikweni ndi kulimana dzikolo gawo la ndalama za bungweli kuyambira mu 2022.

Funso: A Mkonzi, n'chifukwa chiyani nthumwi zodzaona zisankho zimakonda kunena kuti zonse zayenda bwino pamene eni dziko akudandaula? (Wophunzira wa pakoleji)

Yankho: Nthumwi zambiri zimafika kutatsala masabata ochepa, zimayendera malo oponyera voti owerengeka, ndipo zimapereka lipoti loyamba kuwerenga ndi kuphatikiza mavoti kusanathe, pamene chinyengo, ngati chilipo, chimachitika nthawi zambiri m'kaundula wa ovota miyezi ya m'mbuyo kapena potumiza zotsatira. Ku Kenya mu 2017 nthumwi za kunja zinayamikira momwe tsiku lovota linayendera, koma pa 1 Seputembala khoti lalikulu kopambana la dzikolo linathetsa chisankho cha pulezidenti chifukwa cha zolakwika pa katumizidwe ka zotsatira. Palinso nkhani ya ulemu, popeza nthumwizo zimabwera moitanidwa ndi boma limene zikudzaliunika.

Sikuti nthawi zonse zimakhala chete. Mu Ogasiti 2023 nthumwi za SADC ku Zimbabwe, motsogozedwa ndi Nevers Mumba wa ku Zambia, zinanena poyera kuti mbali zina za chisankhocho sizinakwaniritse malamulo a dzikolo ndiponso mfundo za SADC, ndipo akuluakulu a chipani cholamula anakwiya nazo kwambiri. Lipotilo silinasinthe zotsatira, chifukwa nthumwi zilibe mphamvu yothetsa chisankho. Mphamvu imeneyo ili ndi makhoti a dziko lenilenilo, ndipo amene akufuna kutsutsa zotsatira amayenera kukapereka umboni wawo kumeneko m'masiku amene malamulo a dzikolo anaika.